Phazi la Amayi, Manja a Mkamwini

Amayi anga sanadyepo mbale imodzi ndi amuna anga. Sanakhalepo nawo pamphasa imodzi, sanawapatsepo moni wa padzanja, ndipo ngati anawayang'anapo kumaso, kunali kozembera, pazenera, tsiku lomwe anabwera kudzandifunsira. Kwathu ku Limbuli ndi mmene zilili: mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Si chidani ayi, ndi ulemu. Amayi akafuna kunena kanthu kwa amuna anga ankauza ine, eni akewo ali poteropo akumva zonse.

"Uwauze akamwini kuti denga la khitchini likudontha."

Ine n'kutembenuka: "Akuti denga likudontha."

Iwo maso ali pansi: "Muwauze kuti ndamva, ndibwera ndi udzu."

Ndinakhala lamya ya anthu awiriwa kwa zaka, ndipo zinkanditopetsa. Ine ndine wamtima wapachala, zimenezo sindibisa. Ndinkati ndikadandaula, amuna anga ankangoseka, amayi n'kundiuza kuti sukulu inandiwononga mutu.

Amuna anga ankagwira ntchito pachipatala china m'boma lathu lomweli la Mulanje, kuchipinda cha mafizo, kumene anthu ofa ziwalo ndi othyoka mafupa amakaphunziranso kuyenda ndi kugwira zinthu. Tinkakhala m'nyumba ya pachipatala pomwepo, ine ndikuphunzitsa pasukulu ya pulayimale chapafupi. Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kulowa m'midzi, ndipo uthenga unandipeza pafoni yomweyo ndili m'kalasi. Anali amalume. Akuti amayi agwa m'munda wa chinangwa, pakamwa papotoka, sakuyankhula zomveka.

Madokotala anati inali sitiroko, koma yaing'ono. Mulungu anatichitira chifundo. Pakamwa panabwerera, mawu anabwerera ndi ukali wake womwe, dzanja nalo linayamba kugwira supuni, kenako mpini wa khasu. Chomwe chinakana ndi phazi lakumanzere. Linangoti lende, zala kuloza pansi. Poyenda ankachita kukweza bondo m'mwamba ngati munthu wowoloka chithaphwi, apo ayi zala zinkakhwekhwerezeka m'dothi. Kamuzu, kamwala, ngakhale m'mphepete mwa mphasa, ankangopunthwa.

Mapazi amenewo sanali mapazi wamba kwa ine. Ndi omwe anatiwolotsa mtsinje wa Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, mng'ono wanga ali kumsana, ine ndikukokedwa padzanja, bambo titawasiya m'manda kutsidya. Ndi omwe anakwera ndi kutsika m'minda ya tiyi dengu lili kumsana, omwe ankafika pamsika wa Limbuli ndi nanazi mame asanaume. Amayi sankadziwa kukhala pansi. Ndiye kuwaona ali pakhonde, akuyang'ana anzawo akudutsa makasu ali paphewa, mtima wanga unkawawa zedi. Chomwe ankafuna chinali chimodzi basi: kukafika okha kumunda kwawo, popanda ndodo, popanda wowagwira.

Tsiku lina masana amuna anga anapinda buluku lawo mpaka m'bondo n'kundionetsa. "Mnofu wonyamula phazi uli apa, m'mbali mwa msongolo. Wa amayi sunafe ayi. Uthenga wochokera kumutu ndi umene sukufika bwino. Kuntchito tili ndi kamakina kamene kamadzutsa mnofu ndi magetsi ochepa kwambiri, a batire. Sikachiritsa aliyense, ndisakunamizeni. Koma tikafuna kuyesa, tisachedwe. Mnofu ukagona nthawi yaitali umafota, akakolo amauma, ndiye phazi limakhala choncho mpaka kalekale."

Tinali titachedwa kale. Amalume, mwa chikondi chawo, anali atawatengera amayi kwa sing'anga yemwe anawatema mphini msongolo wonse, ndipo amuna anga anati pachilonda sayikapo magetsi, tidikire zipole. Zitapola, panabuka vuto lenileni. Mayi yemwe ankagwira ntchito ndi amuna anga m'chipinda cha mafizo anali atapita kusukulu. Wodziwa kamakinako anatsala mmodzi, ndiye mkamwini wa amayi anga. Zopita kuchipatala cha ku Blantyre amayi anakana ndisanamalize n'komwe kunena.

Ndinapita kumudzi kukawafotokozera. Anamvetsera bwinobwino za magetsi, za batire, za mnofu wogona. Nditafika poti woyika tizigamba ta makinawo pamwendo adzakhala ndani, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mkamwini andigwire mwendo? Ine? Bola ndizikwawa."

Apo ndiye ndinaphulika. "Amayi, mwambowo udzakulimirani? Udzakutungirani madzi? Munthuyu amagwira miyendo ya amayi a anthu ena tsiku ndi tsiku, wanu wokha ndiye wagolide?"

Anatembenukira kukhoma. Ndinakwera kabaza wobwerera ndili ndi ukali, ndipo nditafika ndinawakhuthulira zonse amuna anga, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iwo anamvetsera mpaka mpweya unandithera.

"Musawakalipirenso," anatero. "Thupi lawakana kale. Mukufuna tiwalandenso ulemu?"

"Ndiye phazi liume?"

"Ayi. Manja mubwereke ndinu. Ine ndikhala kuseri kwa nsalu."

Ndinaona ngati nthabwala, koma ankanena zoona. Amayi atamva za nsaluyo anaganiza tsiku lathunthu, kenako anamanga kachikwama kawo. Atafika kwathu anakana kugona m'nyumba imodzi ndi mkamwini, anakayala mphasa kukhitchini ya panja. Ndinafuna kuyambanso, amuna anga anangondiponyera diso, n'kukatenga matiresi athu a alendo kuti ndikawapatse.

Chipinda cha mafizo chinali ndi bedi lalitali, zitsulo ziwiri zogwira pophunzira kuyenda, ndi zenera loyang'ana kuphiri. Amuna anga anamanga chingwe kuchokera pazenera kukafika pamsomali wa kukhoma. Nsalu yake amayi anabweretsa okha, chitenje chawo chachikulu chamaluwa ofiira, chomwe ankachitcha kapulana monga amanenera kutsidya. Anati katani ya chipatala ndi yopyapyala, sangaikhulupirire. Mbali ino kunali amayi pabedi ndi ine. Mbali inayo kunali amuna anga pampando, kamakina kali pamiyendo. Kanali kakang'ono ngati wailesi ya m'thumba, kokhala ndi kabatani kopotokola ngati kokwezera mawu. Mawaya awiri ankadutsa pansi pa kapulana, ndipo kumapeto kwake kunali tizigamba ta labala tokutidwa ndi kansalu konyowa, tomangirira pamwendo ndi bandeji.

Amayi ankawaopa magetsi. Magetsi omwe ankawadziwa ndi a mphenzi, ndi aja anapha munthu pamtengo wa mawaya kuesiteti ya tiyi. Ndiye ndinati ndiyambe ndine kuti aone. Ndinali nditaphunzitsidwa kale kunyumba: kachigamba kena pansi pa kafupa kotumphuka kunja kwa bondo, kena m'munsi mwake pamnofu. Ndinamanga pamwendo wanga, n'kunena kuti ndakonzeka. Poyamba ndinamva ngati nyerere zikuyenda pansi pa khungu. Kenako, ine osalituma, phazi langa linangoti nyamu!

"Mayo ine!"

Amayi anaseka, kuseka koyamba chidwalire chija, mpaka kugwira m'mimba. "Ee! Phazi lako likuwamvera amuna ako kuposa pakamwa pako."

Kuseri kwa kapulana kunamveka munthu akutsokomola chifuwa chabodza.

Titafika pa amayi, zinthu zinakana. Tizigamba tinkangotereraka, magetsi osamveka. Amuna anga anakweza pang'ono, anakwezanso, zii. Kenako anafunsa mwaulemu: "Kodi kapena adzola mafuta?"

Ndinayang'ana mwendowo. Unkachita kunyezimira, ndipo wowadzoza ndinali ine ndemwe m'mawa umenewo, iwo atalamula.

"Uwauze," anatero amayi, "kuti ine sindingabwere kuchipatala miyendo ili mbuu ngati ndagona paphulusa."

Tinatsuka ndi sopo, n'kuyambiranso. Apo nyerere zinafika. "Uwauze nyerere zayamba." "Muwafunse ngati zikuluma." "Uwauze zikungoyenda." Onse ankamvana bwinobwino, koma mawu aliwonse ankayenera kudzera mwa ine kaye. Anthu odikira pabenchi panja ankamva zonse, ndipo mkulu wina wothyoka ntchafu anaseka mpaka ndodo yake inagwa. Amayi sanasamale. Amuna anga nawo sanasinthe mawu, ankayankhula ngati mmene amayankhulira ndi wodwala aliyense.

Koma phazi silinanyamuke mmene linanyamukira langa. Linkapotokera kunja. Tsiku lina zala zokha ndi zomwe zinkagwedera. Tsiku lina amayi ankangoti khungu likuwawa, phazi lili phee.

"Lalowera kuti?" ankafunsa amuna anga.

"Lapotokera kunja."

"Sunthani ka m'munsiko kabwere kutsogolo pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Pang'ono basi."

Ndikasuntha, linkasiyiratu kugwedera. Ndikabweza, linkapotokanso. Pamwendo wanga malowo ndinkawapeza ngakhale nditatsinzina, koma wa amayi unali utawonda, m'munsi motupa, mnofu wake wosaoneka pomwe wayambira. Ndinkatuluka thukuta ngati ndikulima. Masiku ankapita, masabata ankapita, ndipo ndikapinda phazilo ndi manja monga anandiphunzitsira, ndinkamva kuti akakolo ayamba kulimba. Ndinkadziwa tanthauzo lake, ndipo mantha anandigwira.

Tsiku lina amayi ali kuchimbudzi ndinawanong'oneza amuna anga. "Tamverani. Akagona amatsinzina. Ingokwezani kansaluka pang'ono musuzumire. Sadziwa."

"Ndidziwa ndine," anatero.

Ndinawalalatira. Ndinati ndi amantha, ndinati akukonda mbiri yawo ya mkamwini wabwino kuposa phazi la amayi anga, ndinanena ndi zina zomwe sindingazibwereze. Sanandibwezere. Anangoti amayi analola kubwera chifukwa anakhulupirira nsaluyo, ndipo tsiku lomwe adzadziwe kuti inakwezedwa, sadzapondanso m'chipinda muja. Kunyumba ndinkawaona atakhala pakhonde, buluku atapinda, akudinikiza msongolo wawo ndi zala, milomo ikugwedera. Ankafunafuna mawu ena ondifotokozera malo aja. Anayesa kujambula ndi cholembera pamwendo wanga, anayesa kundipimitsa ndi zala kuchokera pabondo. Munthuyo anali kuvutika kuposa ine, kungoti iye sankakuwa.

Zinasintha tsiku la chiperoni. Ine ndinali kusukulu, ndiye nkhaniyi ndinaimva kwa amayi oyandikana nafe nyumba, kenako kwa eni ake. Mvula ya mawawa inali itayamba m'mawa, phiri losaoneka, bwalo lonse matope okhaokha. Amuna anga anabwera kudzadya masana. Ali pakhomo, anaona amayi akutuluka m'khitchini kulowera kubafa. Zala zinakodwa pamuzu wa mtengo wa peyala, amayi n'kugwa chammbali, khuu, m'matope.

Amuna anga anathamanga. Atafika pafupi anaona kuti maso ali otsegula, amayi akuyesa kukokera chitenje kumaondo. Anaima. Anatambasula ambulera yomwe inali m'manja mwawo, n'kuwafunditsa nayo amayi, iwo nkhope atatembenuzira kumbali, mvula ikuwathira. Panalibe ine, panalibe mwana woti atumidwe mawu. Ndiye anayankhula ndi mtengo.

"Peyala iwe, tandifunsira ngati mutu wamenya pansi."

Kenako amayi, ali m'matope momwemo: "Uwauze mutu uli bwino."

"Nanga chiuno? Ayese kugwedeza miyendo yonse."

"Uwauze chiuno chili bwino. Ndi phazi lopusali."

Apo anakuwa kuitana amayi oyandikana nafe aja, omwe anabwera akuthamanga n'kuwadzutsa. Mpaka amayi analowa m'khitchini, ambulera inali pamutu pawo, mwini wake akuyenda chammbali ngati nkhanu, malaya atamatirira pathupi. Pambuyo pake amuna anga anandiuza kuti amayi akanapanda kuyankha, kapena akanaona magazi, akanawanyamula basi, za mwambo n'kudzakamba mawa.

Ine nditafika n'kumva, ndinawalusira amuna anga. "Munawasiya m'matope? Mayi anga? Inu mukucheza ndi mtengo?"

Mawu anachokera kukhitchini. "Iwe! Tseka pakamwa. Bwera kuno."

Ndinawapeza atasintha zovala, akuwotha moto, phazi lija lili lende kutsogolo kwawo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndagona pansi paja ngati mwana," anatero. "Chitenje chinavundukuka. Munthu wina akanayang'ana, ngakhale mwangozi. Uja sanayang'ane." Anakankha chikuni ndi dzanja. "Manja ako ndi a choko, mwana wanga. Wayesetsa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Sanafotokoze zambiri, ndipo kamodzi kokha pamoyo wanga ndinadziwa kukhala chete.

Kutacha tinapita kumafizo monga mwa masiku onse. Amayi anakwera pabedi, ine ndinanyowetsa tizigamba, amuna anga anakhala kuseri. Ndisanamange bandeji, amayi anatambasula dzanja, anagwira kapulana, n'kukoka. Inatsika yonse pachingwe. Amuna anga anadzidzimuka, anatembenukira kuzenera msangamsanga. Amayi anatenga nsaluyo n'kudzifunditsa kumutu mpaka pachifuwa, ngati mkwatibwi wakale. Mawu anatuluka mkatimo.

"Uwauze aone okha."

Amuna anga sanafulumire. Anayika kamakina pampando, anakasamba m'manja, anapukuta bwinobwino. Anabwera n'kugwada pansi pasimenti, ngakhale bedi linali lalitali loti akanatha kuima. Anati, "Pepani, apongozi," akuyang'ana pansi. Kenako anakhudza mwendowo. Zala ziwiri zinapeza kafupa kaja, zinatsika, zinadinikiza, zinasunthira kutsogolo, zinadinikizanso. Anapinda phazi m'mwamba ndi chikhatho, kumvetsera kulimba kwa akakolo. Kenako anayika tizigamba. Ka m'munsi kanakhala pambali penipeni pa pomwe ndinkayika ine, mpata wake wosakwana ndi chala chomwe.

"Pomwepo?" ndinatero. "Masiku onsewa ndakhala ndikuphonya ndi kampata kameneka?"

"Pamwendo wowonda kampata kameneka ndi ulendo," anatero, osandiyang'ana. "Muwauze kuti nyerere zikayamba, nawonso akoke phazi. Asadikire makina okha."

Anapotokola kabatani pang'onopang'ono. Mnofu wa m'mbali mwa msongolo unagwedera, unalimba, ndipo phazi la amayi linanyamuka. Osati chopotoka ayi. Linadzuka molunjika, zala kuloza kudenga, linaima choncho, kenako linatsika bwinobwino magetsi atapuma. Linadzukanso.

Amayi anakweza m'mphepete mwa kapulana pang'ono, pongokwanira kuona phazi ndi manja omwe anali pambali pake. Anayang'ana likudzuka, likutsika, likudzuka.

"Ee," anatero. "Phazi langa lija?"

Anabwezeretsa nsalu. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ine ndinkalira poyera, mamina ndi misozi, osasamala za anthu a pabenchi.

Pomaliza amuna anga anatenga cholembera n'kuzunguliza malo awiri aja pakhungu. Anati tsopano ndikhoza kumayika ndine, nsalu ibwerere pachingwe, apongozi asavutike. Ndinawauza amayi, ngakhale anali atamva.

"Inki imachoka posamba," anayankha m'kati mwa nsalu. "Uwauze amalize okha zomwe ayamba."

Kuyambira tsiku limenelo zinkayenda choncho. Amayi ankalowa, kukwera pabedi, kudzifunditsa kumutu. Amuna anga ankasamba m'manja, kugwada, kupepesa, tsiku lililonse kupepesa ngati ndi koyamba. Ankawongola akakolo ndi manja, kenako magetsi, kenako kuyenda pakati pa zitsulo zija, amayi maso ali kutsogolo, iwo ali kumbuyo akuyang'ana chidendene. Ankabwereza mawu amodzimodzi mpaka ndinawaloweza: makinawa sayenda m'malo mwa munthu, amangokumbutsa mnofu ntchito yake, woyenda ndi mwini phazi.

Ndipo mwini phaziyo anagwira ntchito, abale. Amayi anatenga mafizo ngati munda. Akamasenda nandolo pakhonde la khitchini, phazi linali pantchito: koka, siya, koka, siya, nkhope itakwinyika, ngakhale pamene sipankaoneka kanthu kogwedera. Ndikati apume, ankandifunsa ngati ndinaonapo munda wolimidwa ndi kupuma. Masiku ena zinkabwerera m'mbuyo, phazi lolemera ngati la eni, ndipo ankakhala osayankhula tsiku lonse. Kutacha ankakhala oyamba kudzuka. Amuna anga anayamba kuchepetsa magetsi pang'ono ndi pang'ono, kuti mnofu uzisenza wokha katundu wake. Chinayamba kumvera ndi chala chachikulu. Kenako phazi linayamba kudzuka lokha, pang'ono, monjenjemera, mawaya ali pakhoma.

Silinabwerere mwakale ndithu. Akatopa linkalemera, ndipo amuna anga anawauza kudzera mwa ine kuti azivala nsapato zomanga, asiye zamapulasitiki zija, komanso asaiwale mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Koma tsiku linafika lomwe amayi anapinda mphasa yawo, anabweza matiresi, n'kunena kuti nkhuku zawo zawaiwala. Anakwera kabaza wa ku Limbuli. Potsanzika anandiuza kuti ndiwathokoze akamwini, ndipo akamwiniwo, ali kuseri kwa chitseko, anati ndiwauze kuti ayende bwino.

Ine mumtima ndinkati zoopana zija zatha. Munthu wakugwira mwendo miyezi yonse ija, wakuona uli m'matope, ungamuthawenso? Ndinkaganiza kuti tikadzapita kumudzi tidzakhala pamphasa imodzi ngati anthu, ine n'kupuma pantchito yanga ya ulamya.

Tinapita nthawi yokolola itadutsa, nandolo atayamba maluwa. Kabaza anatitsitsa pamsewu, tinalowa kanjira kopita kwathu, kopapatiza, kodutsa pakati pa minda. Ine ndinali patsogolo, amuna anga pambuyo ndi chikwama. Tikukhota pachulu, balamanthu, amayi akuchokera kumunda. Khasu paphewa, mtolo wa chinangwa pamutu, nsapato zomanga kumapazi. Ndodo panalibe.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe ndi chimwemwe. Koma amayi anali ataona yemwe ali kumbuyo kwanga. Kwathu apongozi ndi mkamwini sapambana panjira, wina amapatuka. Amayi sanaganize kawiri. Anakhotera kumanzere, anatsika m'kangalande, anakwera mzere woyamba, analumpha wachiwiri, wachitatu, n'kukaima pakati pa nandolo atatifulatira, mtolo uli pamutu osagwedera.

Ukali unandikwera mpaka m'makutu. Ndinatembenuka kuti ndiwauze amuna anga zomwe ndinkaganiza za mwambo umenewu. Nawonso anali atapatukira mbali inayo, aima m'maudzu, chipewa chili m'manja. Munjira ndinatsala ndekha ngati chitsiru.

"Ndiye mafizo onse aja anali oti azikuthawani bwino?" ndinatero.

Sanandiyang'ane. Maso awo anali pamizere itatu ija, pomwe nsapato ya kumanzere inasiya mapondedwe ake athunthu, opanda mkwekwe wa zala. Misozi inali ikutsika, osaipukuta.

"Mwaona mmene analumphira?" anatero chapansipansi. "Asiyeni andithawe. Miyezi yonse ija ankafuna kundipatukira, phazi ndi lomwe linkakana."

Tinadutsa. Nditacheuka, amayi anali akubwerera munjira okha, kutitsatira chapatali.